Kuchapa ovololo sikuyambira m'madzi

Bambo a kunyumba kwathu ndi makaniko. Amagwira ntchito pa galaja ina ku Biwi, kuno ku Lilongwe, ndipo magalimoto omwe amawagwera kwambiri ndi maminibasi ndi malole a dizilo, aja otopa kale omwe eni ake amabwera nawo pokhapokha akafika pokanika kuyenda. Aliyense amene anadutsako ku Biwi akudziwa mmene anthu a kumeneko amaonekera dzuwa likamapendeka. Ndiye ndikamanena za zovala zakuda, sindikunena kolala ya shati ya ku ofesi yomwe yangoda ndi thukuta ayi. Ndikunena ovololo yoti ukaivula n'kuitsamiritsa kukhoma imatsala pang'ono kuima yokha.

Amayi ambiri omwe timakumana pa kiyosiki dandaulo lawo ndi limodzi: safu wa masiku ano alibe mphamvu. Mwina n'zoona pang'ono, sindikutsutsa. Koma ndikaona kachapidwe kawo, mlandu sukhala wa safu. Amatenga ovololo mmene yabwereramo, ndi girisi wake, matope ake, zisanza zili m'matumba, n'kuiponya m'bafa lodzaza madzi ozizira, kukhuthulira safu theka la paketi, kenako kulimbana nayo pamwala mpaka msana kuwawa. Madzi amada bii, iwo n'kumasangalala kuti litsiro likuchoka. Chomwe chachitika n'chakuti oyilo yemwe anali pa mawondo pokha tsopano wafalikira chovala chonse. Ikauma imangokhala mbuu paliponse, fungo la galaja lili pompo. Kwa ine madzi amabwera pomalizira. Ntchito yaikulu imachitika ovololo ikadali youma.

Chifukwa chake chili mwa girisi mwenimwenimo. Girisi ndi oyilo wosakanizidwa ndi china chake chomulimbitsa kuti asamayenderere, ndipo china chakecho nthawi zambiri ndi mtundu wa sopo. Inde, sopo. Koma si wosambira uja: ndi wopangidwa ndi lithium kapena calcium, ndipo sasungunuka m'madzi. Anamukonza dala choncho kuti galimoto ikamaphwanya zithaphwi za mu Januwale, girisi wa m'ma bearing, tizitsulo tomwe mateyala amazungulirapo, asakokoloke. Ndiye chinthu chomwe akatswiri anachikhalira pansi kuti chisamaope madzi, inu mukufuna kuchigonjetsa ndi madzi ozizira a pa mpopi? Palinso girisi wina wakuda bii wa mu CV joint, cholumikizira chomwe chimafikitsa mphamvu ya injini ku mateyala, yemwe ali ndi fumbi lochokera ku chitsulo chotchedwa molybdenum. Ameneyo ndiye mdani wanga weniweni. Ndipo oyilo wokhetsedwa mu injini ya dizilo amada chifukwa cha mwaye. Mwaye susungunuka ndi chilichonse chomwe tili nacho pakhomo, kaya sopo kaya Jik. Njira yake ndi imodzi: uchoke pamodzi ndi oyilo yemwe waunyamula.

Ndimayambira m'matumba. Ndimawatembenuza onse, chifukwa m'matumba a makaniko mumapezeka dziko lonse: manati, mawasha, tizidutswa ta waya, sipanala ya 10 yomwe akhala akuifunafuna sabata yonse n'kumanamizira anyamata awo. Nati imodzi ikatsalira n'kugona m'madzi usiku wonse, m'mawa mupeza kabanga ka dzimbiri komwe ndi ntchito inanso payokha. Koma chomwe ndimasakasaka kwenikweni ndi chisanza chopukutira m'manja. Za chimenecho ndinena bwino kutsogoloku.

Kenako supuni. Ndili ndi supuni yakale yopindika yomwe inatsanzikana ndi khitchini kalekale. Ndimayala ovololo pa thumba la saka panja, n'kumapala girisi yense wokhuthala, kupukutira pa nyuzipepala, kupalanso. Osapaka, osatikita, kungonyamula basi. Aliyense amene anatsukapo chiwaya cha chipisi akudziwa kuti suyamba ndi madzi: umayamba wakhuthula mafuta, kupukuta ndi pepala, sopo n'kubwera pambuyo. Girisi wodzaza supuni imodzi yemwe mwamutaya ndi nyuzipepala akanakudyerani safu wa sabata yonse.

Pomwe pali oyilo wamadzimadzi yemwe sapalika, ndimawazapo gaga wambiri n'kumupsinja ndi chikhatho chovala jumbo. Ufa, choko chopera kapena utuchi wosalala wa kwa akalipentala zimagwiranso ntchito yomweyo. Ndimasiya usiku wonse. M'mawa gagayo amakhala wada, wayamwa zambiri, ndiye ndimamukutumula n'kumukulunga m'pepala kupita kudzala. Musamukutumulire pabwalo pomwe nkhuku zimatolera, chifukwa nkhuku sisankha.

Sopo amabwera apa, nsalu ikadali youma. Ndimakonda sopo wamadzi wotsukira mbale, Sunlight kapena wina aliyense yemwe thumba lalola, chifukwa ameneyo anapangidwira mafuta. Akasowa, Boom wa phala uja amagwira bwino, ngakhalenso safu wamba mukamudontheza timadzi kuti akhale phala lolimba. Sopo amagwira ntchito chifukwa tizigawo take tili ndi mbali ziwiri, ina yokakamira ku mafuta, ina yokakamira ku madzi. Mbali yoyambayo iyenera kupeza mafuta kaye, kuti madzi akabwera adzakoke zonse pamodzi. Mukamuthira m'bafa la malita 20 mwamumwaza, pa banga lenilenilo pamafika wochepa kwambiri. Mukamupaka pouma, mphamvu yake yonse imagwera pomwe pali vuto.

Ndimatembenuza ovololo, kuyala chisanza chouma kunsi kwa banga, n'kumapaka sopo kuchokera mkati ndi mswachi wakale. Oyilo analowera kunja, ndiye atulukire komwe analowera, agwere pa chisanzacho, osati kumukankhira mkati kuti aboole nsalu yonse. Ndimayambira m'mphepete mwa banga kulowera pakati kuti lisakule. Mawondo, kutsogolo kwa ntchafu pomwe amapukutira manja ngakhale uwaletse bwanji, m'mphepete mwa matumba, kumapeto kwa mikono, ndi kumsana ngati tsikulo anagona kunsi kwa lole. Ndikatha ndimaipinda n'kuisiya pamthunzi theka la ola kapena kuposa, ine n'kumachita zina.

Pali girisi wina wogonera, yemwe wakhala pa nsalu masiku ambiri, wapsa ndi dzuwa ndi kutentha kwa injini mpaka kuuma gwa. Ameneyo sopo amangomudutsa pamwamba. Ndimadontheza mafuta ophikira pang'ono, madontho owerengeka chabe, n'kufikisa ndi zala mpaka afewe, kenako n'kupaka sopo wa mbale. Mafuta amasungunula mafuta anzake, ndipo ophikirawo savuta kuchoka ndi sopo. Apongozi anga atandiona koyamba anagwira pakamwa. “Apongozi, mmene mafuta akudulira muja, inu mukudyetsa ovololo?” Anasiya kufunsa ataona mawondo a ovololoyo ili pachingwe.

Ambiri amathamangira palafini, ndipo sindinganame, amasungunula girisi msanga. Koma amasiya fungo lomwe limafunanso kuchapa kwina, amaumitsa manja mpaka kung'ambika, ndipo ndi mafuta oyaka. Ndikafika poti palibe njira ina, ndimanyowetsa kansalu pang'ono, kupukuta pa banga pokhapo, panja, kutali ndi moto, sopo n'kutsatira nthawi yomweyo. Petulo ndiye ayi, pakhomo panga saponda. Ku galaja amatsukira zitsulo, ndiye ena amaganiza kuti ndi zovala zomwe. Petulo amatulutsa mpweya woyaka ngakhale kutazizira kufika madigiri 40 kunsi kwa ziro, ndiye taganizani za masana a mu Okutobala. Mpweyawo ndi wolemera, sukwera m'mwamba, umakwawa pansi. M'nyumba zathu za mdadada, pomwe khomo lililonse lili ndi mbaula yake pakhonde ndipo ana akuthamanga pakati, sipafunika kuti moto ufike pa beseni. Mpweyawo ndiwo umapita kukaupeza moto, n'kubwera nawo. Kwa inu muli ku Johannesburg kapena kwina komwe mumachapira makina, chovala chonunkha petulo, dizilo kapena thinner chisalowe m'makinamo, makamaka aja oumitsira. Chiyambe chapumira panja n'kuchapidwa pamanja.

Tsopano madzi, ndipo akhale otentha. Oyilo akatenthedwa amapepuka n'kuyamba kusiya ulusi, pomwe m'madzi ozizira amangoumirira. Yang'anani kansalu kolembedwa kamene kamakhala pa kolala kapena m'mbali mkati. Pali kachithunzi ka beseni kokhala ndi nambala, 40 kapena 60, ndiwo madigiri omwe nsaluyo ingapirire. Maovololo ambiri amalola 60. Mulibe choyezera, inenso ndilibe. Ndowa theka ya madzi owira, theka ya pa mpopi, mwafika pafupifupi pamenepo, ndipo dzanja simungalisiyemo. Makala adula, ndikudziwa. Ine ndimateleka madziwo pa makala otsala ndikaphula nsima, m'malo mongowasiya anyeke okha. Nyengo yotentha, chigubu chakuda chikakhala padzuwa kuyambira m'mawa chimakufikitsani pakati pa ulendo.

Madzi oyamba akhale ochepa, ongomiza ovololo. Ndimaivundula ndi mthiko wakale, kuikanikiza, kuitembenuza, ndipo madziwo asanazizire ndimawataya. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Amaisiya m'madzi akuda aja usiku wonse poganiza kuti ikuviikidwa, koma madzi akazizira oyilo amabwereranso pa nsalu, ulendo uno paliponse. Madzi ochepa kawiri amaposa madzi ambiri kamodzi, ndipo kwa ife ogula madzi pa ndowa imeneyi ndi nkhani yabwino.

Kuviika kwenikweni kumachitika m'madzi achiwiri, ofunda chabe, ndi safu wapakatikati. Safu wina pa paketi pake pamalembedwa kuti ali ndi ma enzyme. Amenewo amadya thukuta, magazi ndi zakudya zomwe zauma pa nsalu, koma amafuna nthawi ndipo madzi owira amawapha. Maola awiri kapena atatu akwana. Kenako burashi yolimba, ovololo itayalidwa pa thabwa kapena pa simenti yosalala. Kumenyetsa pamwala ndinakusiyira mabulangete. Pa ovololo kumangothyola zipi, kuphwanya mabatani ndi kudya mawondo omwe atha kale ndi kugwada.

Kumudzi kwathu cha ku Mitundu timachapira madzi a pa mjigo, ndipo alipo ena omwe sopo sachita nawo thovu, amangoyandama zoyerayera zomata m'mbali mwa beseni. Madzi oterowo ali ndi laimu wambiri, ndipo sopo wa tabuleti amathera kulimbana ndi laimuyo asanafike pa litsiro. Safu amapirira bwinoko. Mayi anga amathiramo chidulo, chomwechi chophikira therere, kapu imodzi pa ndowa, ndipo madzi amafewa, mafuta n'kumachoka mosavuta. Soda wa m'sitolo amathandizanso, makamaka pa fungo, ngakhale kuti mphamvu yake ndi yochepa. Koma pali anthu ena amene amathira caustic soda, uja wa opanga sopo. Girisi amachokadi, koma khungu la m'manja limachoka naye, ndipo kadontho kamodzi kakagwera m'diso nkhani yake imakathera kuchipatala. Ovololo siyofunika mtengo umenewo.

Matope ndi nkhani ina, ndipo ndinaiphunzirira pa zovala za achimwene anga omwe amaumba njerwa. Ndisanakwatiwe ndine ndinkawachapira. Lamulo lake n'lovuta kulitsatira chifukwa mtima umakana: matope asiyeni aume. Mukaona buluku ili nyang'anyang'a ndi katondo, manja amayabwa kuti muiponye m'madzi. Pirirani. Ipachikeni iume gwa, kenako ikwapuleni ndi ndodo, ipindepindeni kuti zigamphu zigwe, n'kumaliza ndi burashi youma kapena chitsononkho. Gawo lalikulu la dothi limagwa osakhudza dontho la madzi. Katondo ndi dothi losalala kwambiri. Mukalitikita lili lonyowa limalowa pakati pa ulusi, ndipo likalowa silifunanso kutuluka.

Kufiira kwa katondo ndi chitsulo chomwe chili m'dothimo, chochita dzimbiri. Mukadziwa zimenezo, zina zonse zimamveka. N'chifukwa chake matope akuda a m'dambo, makande aja, ngakhale amamata kwambiri, amachoka osasiya mbiri, pomwe katondo amasiya chikasu chofiirira chomwe sopo amachilephera. Ndikatha kukutumula ndimathira madzi ozizira kuchokera mkati mwa chovala kuti dothi lotsala litulukire kunja, kupaka sopo, kukwecha. Chikatsalabe chofiiracho, ndimafinyirapo ndimu, kuwaza mchere, kuika padzuwa kwa kanthawi osalola kuti paume, n'kutsukuluza bwino. Momwemonso ndi dzimbiri la nati kapena la waya woyanikira. Pa nsalu ya mtundu yesani kaye mkati mwa mpendero, chifukwa ndimu ndi dzuwa zikagwirizana zimatha kusulutsa.

Nyengo ya mvula pansi pa galaja pamakhala chisakanizo cha zonse ziwiri, matope opondedwa ndi oyilo wotayika. Zimenezo ndimaziumitsa kaye monga matope, kuzipala, kenako kuzisamala monga girisi. Ndimu amabwera pomalizira, ngati n'kofunika.

Za Jik ndili ndi maganizo anga ndipo sindibisa: pa ovololo alibe ntchito. Sasungunula mafuta, sayeretsa mwaye, ndipo pa dzimbiri ndi katondo amangokhwimitsa banga. Chomwe amachotsa bwino ndi mtundu wa buluu umene munaulipira. Amafooketsanso ulusi, ndipo amawononga timizere tonyezimira tija toti oyendetsa galimoto azikuona usiku. Mukaona kachithunzi ka makona atatu kodulidwa ndi mtanda pa kansalu kaja, akunena kuti asayandikire. Chachikulu n'chakuti Jik sasakanizidwa ndi vinega, ndimu, kapena mankhwala otsukira chimbudzi. Amatulutsa mpweya wa chlorine, womwe m'kabafa kathu kopanda zenera ukhoza kumugwetsa munthu.

Zilipo zinthu zitatu zomwe sizidikira, ndipo pa zimenezi madzi ndiwo amayamba. Simenti yonyowa imawotcha khungu pang'onopang'ono munthu osamva, ndipo ikauma pa nsalu yasanduka mwala, ndiye amisiri omanga azivula n'kutsukuluza tsiku lomwelo. Asidi wa mu batire ndi wachinyengo: poyamba sipaoneka kanthu, koma mukachapa mumapeza timabowo pa nsalu ya thonje, n'kumanamizira mbewa. Akangodonthera, madzi ambiri nthawi yomweyo, ndipo ngati soda ali pafupi, pakanipo. Chachitatu ndi magazi, poti makaniko sapita sabata osadzicheka. Amenewo madzi ozizira okhaokha. Mukawathira otentha mwawaphika, ndipo sachokanso. Ndiye ndisanathire ndowa yotentha ija ndimayamba ndafufuza pa mikono. Penti wamadzi nayenso chapani asanaume. Wamafuta akauma, muloleni akhale, wasanduka mbali ya chovala.

Zovala zopopera mankhwala m'munda ndizitchuleko, chifukwa abale athu ambiri olima tomato ndi fodya amazitenga mopepuka. Zimenezo sizigona m'nyumba, sizikumana ndi zovala za ana, ndipo zili ndi beseni lakelake. Zichapidwe tsiku lomwelo, m'manja mutavala magolovesi, madzi ake n'kutayidwa kutali ndi chitsime. Ngati mankhwala osasungunula atayikira pa chovala, chimenecho chatha ntchito, musachimvere chisoni.

Mwina mukufunsa kuti mavuto onsewa n'ngachiyani, poti mawa lomwelo ovololoyo ikagonanso kunsi kwa lole. Bambo a kunyumba anafunsapo chimodzimodzi. “Mayi, mukuzivutitsiranji, kodi ndikupita nayo ku ukwati?” Yankho langa n'lakuti sindichapira maso a anthu. Ndimachapira khungu lawo. Oyilo akakhalitsa pa nsalu yomwe ikukhuza thupi tsiku lonse, munthu akutuluka thukuta, amatseka timabowo ta pakhungu. Tiziphuphu takuda tija tomwe amakaniko ambiri ali nato pa ntchafu ndi pa mikono timachokera pamenepo. Ndipo pali zoposa tiziphuphu. M'chaka cha 1775 dokotala wina wa ku London, Percivall Pott, anazindikira kuti anyamata omwe ankasesa mwaye m'machumuni a nyumba ankadwala khansa ya pakhungu la malo obisika akakula, chifukwa cha mwaye womwe unkakhala pathupi pawo. Patapita zaka zoposa 100 matenda omwewo anaonekanso mwa abambo ogwira ntchito m'mafakitale opota thonje ku Lancashire, omwe mabuluku awo ankanyowa ndi oyilo wa makina cha m'chiuno tsiku ndi tsiku. Oyilo wogwira kale ntchito mu injini ali ndi zotsalira za kuyaka kwa mafuta za mtundu womwewo, n'chifukwa chake pa zigubu zambiri za oyilo pamalembedwa chenjezo loti asakhalitse pakhungu.

Apa ndi pomwe chisanza cha m'thumba chija chikubwera. Makaniko amapukuta manja, kupukuta dipstick, kachitsulo koyezera oyilo mu injini kaja, n'kuchilowetsa m'thumba la kutsogolo la buluku, pomwe chimakhala tsiku lonse chikutuluka oyilo, kuboola nsalu yopyapyala ya thumbalo mpaka pathupi. Taganizani thumbalo lili pati. Kwathu tinagwirizana kuti chisanza chizikhala pa benchi kapena chizilendewera pa lamba kumbuyo, ndipo pochapa, nsalu ya mkati mwa matumba ndimaipaka sopo kuposa mawondo omwe aliyense amawaona. Tinagwirizananso kuti ovololo izivulidwa ku galaja n'kubwera m'jumbo. Siikhala pa sofa, ndipo mwana sanyamulidwa bambo ake ali mu ovololo, alire bwanji.

Ndiye kwa ine ovololo yoyera si yopanda mawanga. Chithunzithunzi cha mwaye ndi molybdenum chimatsala, ndipo sindilimbana nacho. Ikauma ndimatenga pepala loyera la m'kope, kulikanikiza ndi chala pa bondo ndi mkati mwa thumba. Likatuluka ndi kadontho koonekera, oyilo akadalipo, malo amenewo abwerera ku sopo. Likatuluka louma, ndipo mphuno siikumva dizilo, ndatha, ngakhale banga likuoneka. Kwa owotcherera nkhaniyi ndi yaikulu kuposa apa, chifukwa nsalu yomwa oyilo ikagwidwa ndi kanthethe ka moto siichedwa.

Potsukuluza musaumire. Sopo wotsalira amakoka fumbi, ndipo munthu akatuluka thukuta amayabwa m'khwapa ndi m'mphechepeche. Zonunkhiritsa zofewetsa zovala zija sindithira. Zimakuta ulusi ndi kamafuta kena, nsalu n'kusiya kuyamwa thukuta, ndipo pa maovololo opangidwa kuti asamagwire moto zimachepetsa chitetezo chake. Madzi oyamba akuda aja ndimakathira m'kadzenje komwe ndinakumba kuseri, kutali ndi dimba la mpiru ndi ngalande yomwe ana amaseweramo. Otsukuluzira omaliza ndi omwe ndimakolopera pakhonde.

Poyanika ndimaitembenuza kuti dzuwa lisadye mtundu, matumba ali kunja poti ndiwo amachedwa kuuma. Pachingwe, padzuwa, osati pa udzu kapena pa mpanda wa pamthunzi. Ntchentche ya mphutsi imakonda kuikira mazira pa nsalu yonyowa yomwe ili pamthunzi kapena pansi, makamaka yokhala ndi kafungo ka thukuta, ndipo aliyense amene anafinyapo mphutsi pamsana pa munthu sakufuna kubwereza. N'chifukwa chake ovololo ndimaisita ngakhale kuti ku galaja palibe amene amaona mizere ya simbi, makamaka m'misoko, m'chiuno ndi m'khwapa. Koma simbi ibwere pepala lija litavomereza. Mukasita pamwamba pa oyilo mwamudinda mpaka kalekale.

Manja anu musawaiwale. Magolovesi a rabara akakhalapo ndi abwino. Akapanda, majumbo awiri omanga ndi mphira pamkono amathandiza pa madzi oyamba aja, omwe ndiwo oipa. Mukamaliza sambani n'kudzola Vaseline.

Zambiri mwa ntchitoyi zimapepuka kapena kulemera pa tsiku logula. Ndikapita pa kaunjika ku Tsoka ndimayamba ndawerenga kansalu ka pa kolala mtengo ndisanafunse. Maovololo ambiri amalembedwa 65% polyester ndi 35% thonje. Amenewo amauma msanga, sachita makwinya, ndipo asidi wa batire sawaboola msanga, koma polyester amakondana ndi oyilo, amamugwira osafuna kumusiya, ndiponso pafupi ndi moto wowotcherera amasungunuka n'kumatirira pakhungu. Ya thonje lokhalokha ndi yolemera, mu Febuluwale imatha kukhala pachingwe mpaka kuyamba kununkha chinyontho, koma imapirira madzi otentha ndipo oyilo imamutaya mosavuta. Kwa munthu wa injini yemwenso nthawi zina amagwira makina owotcherera, ine ndimasankha thonje, ndipo ndimaonetsetsa kuti zikhale ziwiri, ina ikakhala pachingwe ina ili pathupi. Kuchapa ovololo yovalidwa masiku awiri ndi ntchito ya ola limodzi. Yovalidwa milungu iwiri ndi ya Loweruka lonse. Ndimayang'ananso kuti matumba akhale a nsalu yokhuthala, mawondo akhale ophatikiza, ndipo mtundu ukhale wabuluu woderako kapena wotuwa. Mwezi wathawu anabwera ndi ina yoyera mbee, ati anaipeza yotchipa kwa mnyamata woyenda nazo pamanja. Ndinawauza kuti akaipereke kwa mnzawo wa ku butchala.